Mafunso a owerenga: kodi miliyoni ya Yoshua Bengio ikutiuza chiyani?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza. Ndinamva kuti katswiri wa sayansi ya kompyuta wa ku Canada, Yoshua Bengio, watchulidwa kokwana miliyoni imodzi pa Google Scholar, ndipo nkhaniyo inkakambidwa ngati kuti munthu wapambana mpikisano wa dziko lonse. Ophunzira anga a Fomu 4 atandifunsa tanthauzo lake, ndinasowa chowayankha. Kodi amene amamutchulawo ndani, amawerenga ndani, ndipo kodi zikutanthauza kuti iyeyu ndiye wasayansi woposa onse amene ali moyo? — Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, zimene munamvazo ndi zoona. Mu Okutobala 2025, Pulofesa Bengio wa pa Université de Montréal anakhala wasayansi woyamba kudutsa chiwerengero chimenechi pa Google Scholar iye akadali moyo. Koma ophunzira anuwo ayambe amvetsa chimene chimawerengedwacho, chifukwa mawu oti "kutchulidwa" amasokoneza anthu ambiri. Wofufuza akamaliza ntchito yake amalemba pepala lofotokoza zimene wapeza, ndipo kumapeto kwa pepalalo amaika mndandanda wa mapepala a anzake amene wawagwiritsa ntchito, kaya potengako njira, kaya poyerekeza zotsatira, kaya powatsutsa. Pepala lanu likapezeka pa mndandanda woterowo, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Sizitanthauza kuti wokutchulaniyo wakuyamikirani, ndipo nthawi zina sizitanthauzanso kuti waliwerenga pepalalo mpaka kumapeto.

Lingaliro lowerenga zimenezi linachokera kwa Eugene Garfield wa ku America, amene analifotokoza m'magazini ya Science mu 1955, ndipo mu 1964 anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Cholinga chake choyamba chinali kuthandiza wofufuza kulondola mapazi a lingaliro, kuti adziwe amene analipitiriza pambuyo pake. Kugwiritsa ntchito kaundulayo poyeza anthu kunabwera mochedwerapo. Masiku ano owerenga akuluakulu alipo atatu: Web of Science, imene inachokera ku ntchito ya Garfield yomweyo, Scopus ya kampani ya Elsevier, ndi Google Scholar, imene inayamba mu Novembala 2004. Ukonde wa Google Scholar ndi waukulu kuposa wa enawo, chifukwa umakola mabuku, zolemba za ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu, komanso mapepala amene aikidwa pa intaneti asanaunikidwe ndi akatswiri ena. N'chifukwa chake munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi ziwerengero zitatu zosiyana, ndipo cha Google Scholar ndicho chimakhala chachikulu pafupifupi nthawi zonse.

Tsopano tione munthuyo ndi ntchito yake. Bengio anabadwira ku Paris mu 1964, anakulira ku Montreal, anatenga digiri yake ya PhD pa McGill University mu 1991, ndipo wakhala akuphunzitsa pa Université de Montréal kuyambira 1993. Moyo wake wonse waukatswiri wakhala pa chinthu chimodzi, chimene amachitcha neural network: pulogalamu ya kompyuta yopangidwa ndi timfundo tambirimbiri tolumikizana, imene simaiuza malamulo oti itsatire koma mumaionetsa zitsanzo zochuluka mpaka iphunzire yokha kusiyanitsa zinthu. Mu 1998 iye anali mmodzi mwa anthu anayi, motsogozedwa ndi Yann LeCun, amene analemba pepala lofotokoza mmene kompyuta ingawerengere manambala olembedwa pamanja, njira imene inagwiritsidwa ntchito powerenga macheke m'mabanki a ku America. Mu 2003, iye ndi anzake atatu anasonyeza mmene neural network ingaphunzirire kulosera liwu lotsatira m'chiganizo, ndipo aliyense amene wagwiritsapo ntchito ChatGPT wakhudza chipatso cha mtengo umene unabzalidwa nthawi imeneyo. Mu 2014, pamodzi ndi Dzmitry Bahdanau ndi Kyunghyun Cho, anatulutsa njira yothandiza kompyuta yomasulira zilankhulo kuti iziyang'anitsitsa mawu oyenera a chiganizo choyambirira pa liwu lililonse limene ikulemba.

Pepala limene ndikufuna kuti tiliyang'ane pafupi ndi lina la chaka chomwecho cha 2014, lokhudza njira yotchedwa GAN, chifukwa likuonetsa bwino mphamvu ndi kufooka kwa chiwerengerochi. Njirayi imaika ma neural network awiri kuti azipikisana. Olemba pepalalo anaifanizira ndi gulu la opanga ndalama zachinyengo ndi apolisi: wina amapanga zithunzi zabodza, wina amayesa kuzisiyanitsa ndi zenizeni, ndipo pamene wapolisi akuchenjera, wachinyengo nayenso amakakamizika kuchenjera, mpaka zithunzi zabodza zija zimafika pofanana ndi zenizeni. Pepala limeneli lokha latchulidwa koposa 100,000 pa Google Scholar. Koma pamwamba pake pali mayina asanu ndi atatu. Loyamba ndi la Ian Goodfellow, amene panthawiyo anali wophunzira wa Bengio ndipo ndiye mwini lingalirolo. Lomaliza ndi la Bengio. Mu nthambi imeneyi ya sayansi, mwambo ndi wakuti dzina loyamba ndi la amene wagwira ntchito yaikulu ndi manja ake, pamene lomaliza ndi la mkulu wa gulu, amene amapereka uphungu, amafunafuna ndalama za kafukufuku, ndi kuunika ntchito yonse. Google Scholar sigawa chiwerengero pakati pa anthu asanu ndi atatuwo ngati mmene timagawanira nyama ya mbuzi imene tasonkherana. Aliyense amalandira mbuzi yathunthu. Choncho miliyoni ya Bengio ili ndi thukuta la ophunzira ndi anzake ambirimbiri, ndipo chiwerengero chomwecho chikuwerengedwanso pa masamba awo.

Sindikunena zimenezi pochepsa munthuyu. Kuphunzitsa ana amene pambuyo pake amatulukira zinthu zazikulu ndi luso lakelake, ndipo inu Aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ine kuti luso limeneli silipezeka mwa aliyense. Ndikungofuna kuti ophunzira anu adziwe kuti chiwerengerochi chikuyeza mudzi wonse umene Bengio anamanga ku Montreal, umene lero ndi bungwe la kafukufuku lotchedwa Mila.

Chachiwiri chimene chimakweza chiwerengero ndi kukula kwa khamu la ofufuza m'nthambiyo. Msonkhano waukulu wa akatswiri a ntchito imeneyi, NeurIPS, unayamba mu 1987 ndi anthu ochepa, koma mu 2024 unalandira mapepala oposa 15,000 opempha kuti avomerezedwe. Pepala lililonse limatchula mapepala ena makumi angapo, ndipo ambiri amayamba ndi kutchula mapepala odziwika omwe aja, monga la LeCun, Bengio ndi Geoffrey Hinton la mu 2015 m'magazini ya Nature, limene linafotokoza mwachidule nthambi yonseyo. Yerekezani ndi phunziro lanu la masamu. Andrew Wiles anathetsa funso la Fermat, limene linazunguza akatswiri kwa zaka zoposa 350, ndipo umboni wake unasindikizidwa mu 1995. Grigori Perelman anathetsa funso la Poincaré ndi mapepala atatu amene anaika pa arXiv, tsamba la pa intaneti pamene ofufuza amaikapo mapepala awo, mu 2002 ndi 2003. Palibe mwa awiriwa amene angayandikire miliyoni, chifukwa anthu amene angathe kumanga pa ntchito yawo ndi ochepa pa dziko lonse. Wonena kuti Bengio amaposa Wiles chifukwa cha chiwerengero akufanana ndi wonena kuti wogulitsa tomato pa msika wa Lizulu ndi mlimi woposa wina wa kumudzi kwenikweni, pamene kusiyana kwawo n'kwakuti wina ali m'mphepete mwa msewu waukulu.

Pali chinthu chinanso chimene ine ndimachiona chofunika kuposa zonsezi: chiwerengero chimabwera mochedwa. M'zaka za m'ma 1990 mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri ambiri a kompyuta ankaona neural network ngati njira yotha ntchito, ndipo anthu ngati Bengio, Hinton ndi LeCun ankaoneka ngati okakamira chinthu chakufa. Bungwe la ku Canada lotchedwa CIFAR linayamba kuthandiza gulu lawo mu 2004, nthawi imene ntchitoyi inalibe chikoka. Zinthu zinatembenuka mu 2012, pamene Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Hinton anapambana mpikisano wozindikira zithunzi wa ImageNet: pulogalamu yawo inalakwitsa zithunzi pafupifupi 15 pa 100 zilizonse, pamene wachiwiri analakwitsa pafupifupi 26. Kuyambira pamenepo khamu lonse linathamangira kumeneko, n'kuyamba kufukula mapepala akale aja. Gawo lalikulu la miliyoni ya Bengio labwera pambuyo pa chaka chimenecho. Munthu amene akanamuyeza ndi chiwerengero cha mu 2003 sakanaona zimene zinali kubwera, ngakhale kuti ina mwa ntchito yake yofunika kwambiri inali itachitika kale.

Komanso kutchula sikuyenda mwachilungamo nthawi zonse. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Merton anazindikira mu 1968 kuti wasayansi wodziwika kale amalandira ulemu wochuluka kuposa wosadziwika amene wachita ntchito yofanana, ndipo anatcha khalidweli ndi dzina la Mateyu, potengera mawu a pa Mateyu 25:29 onena kuti amene ali nazo adzawonjezeredwa. Chitsanzo chili m'nkhani yathu yomweyi. Mu 1994 Bengio ndi anzake awiri analemba pepala lofotokoza chifukwa chimene neural network imavutikira kukumbukira zinthu zimene inaona kalekale m'ndondomeko yaitali, ndipo pepalalo limatchulidwa kwambiri. Koma wophunzira wina wa ku Munich, Sepp Hochreiter, anali atafotokoza kale vuto lomwelo mu 1991, m'zolemba zake za digiri zimene zinali m'Chijeremani. Amene ankamuyang'anira, Jürgen Schmidhuber, wakhala akudandaula poyera kwa zaka zambiri kuti ntchito za gulu lake ndi za akatswiri ena akale sizitchulidwa mokwanira. Kaya munthu agwirizane naye pa zonse kapena ayi, mfundo yakuti chilankhulo ndi malo osindikizira zimakhudza kutchulidwa ndi yosatsutsika.

Ndiye muwauze chiyani ophunzira anu? Auzeni kuti Bengio ndi mmodzi mwa anthu amene ntchito yawo ikugwiritsidwa ntchito kwambiri mu sayansi ya masiku ano, ndipo umboni wolimba wa ukulu wake ndi woti akatswiri anzake, atawerenga ntchitoyo, anam'patsa mphotho ya Turing ya chaka cha 2018 pamodzi ndi Hinton ndi LeCun, imene ndi mphotho yapamwamba kuposa zonse mu sayansi ya kompyuta. Funso loti "woposa onse ndani" chiwerengerochi sichingaliyankhe, chifukwa sichinapangidwe kuti chiziyerekeza anthu a nthambi zosiyana.

FUNSO: Ndamaliza digiri yanga yoyamba ya sayansi ya kompyuta ndipo ndikufuna kukapitiriza maphunziro ku South Africa. Aphunzitsi awiri avomera kundiyang'anira. Wina ali ndi h-index ya 45, winayo ya 14. Anzanga akuti ndisataye nthawi, ndisankhe wa 45. Kodi h-index n'chiyani kwenikweni, ndipo anzangawa akunena zoona? — Wophunzira, Blantyre

YANKHO: Choyamba, landirani mafuno abwino pa chisankho chimene mwapanga chopitiriza sukulu. Muyeso wa h-index unayambitsidwa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa pa University of California, San Diego. Kawerengedwe kake mungakachite nokha ndi pensulo. Ndandalikani mapepala a munthuyo kuyambira lotchulidwa kwambiri mpaka lotchulidwa pang'ono. Tiyerekeze kuti ali ndi mapepala asanu ndi atatu, otchulidwa ka 50, 18, 9, 6, 5, 2, 1 ndi 0. Pepala lachisanu latchulidwa kasanu, koma lachisanu ndi chimodzi latchulidwa kawiri kokha, osafika kasanu ndi kamodzi. Pamenepo mwaima: h-index yake ndi 5, kutanthauza kuti ali ndi mapepala asanu amene lililonse latchulidwa kosachepera kasanu. Onani kuti pepala lija la 50 likanatchulidwa ka 5,000, h-index ikanakhalabe 5. Munthu amene analemba pepala limodzi lokha losintha dziko ali ndi h-index ya 1, pamene Bengio, amene wakhala akusindikiza ndi magulu aakulu kwa zaka zoposa 30, ali ndi yoposa 200.

Muyesowu uli ndi khalidwe limodzi limene anzanu aja sanaliganizire: sutsika. Pulofesa amene anasiya kafukufuku zaka khumi zapitazo n'kumangoyenda m'misonkhano ya utsogoleri amakhalabe ndi 45 yake, mwinanso imakwerabe, pamene wachinyamata amene anamaliza PhD posachedwapa ndipo ali kalikiliki ndi ntchito yatsopano sangafike pamenepo ngakhale atalimbikira motani. Hirsch mwiniwake ananena kuti kwa akatswiri a fizikisi, h-index ya pafupifupi 12 ndi yoyenera munthu wokwezedwa kukhala pulofesa wothandizira wokhazikika, ndipo 18 ndi ya pulofesa wathunthu, koma anachenjezanso kuti manambalawa amasiyana malinga ndi nthambi. Ngakhale mkati mwa sayansi ya kompyuta yokha, wofufuza za masamu a ma algorithm (ndondomeko zimene kompyuta imatsata pogwira ntchito) sangafanane ndi wofufuza za zithunzi ndi AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu).

Ndiponso chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2010, Cyril Labbé wa ku Grenoble ku France anapeka wofufuza wotchedwa Ike Antkare, n'kumulembera mapepala opitirira pang'ono 100 pogwiritsa ntchito SCIgen, pulogalamu imene ophunzira a pa yunivesite ya MIT ku America anapanga mu 2005 yolemba mapepala ooneka asayansi koma opanda tanthauzo. Mapepalawo ankatchulana okhaokha, ndipo Google Scholar itawakola, munthu amene sanabadwepo uja anapezeka ndi h-index ya 94. Mu 2024 ofufuza ena anabwerezanso masewera omwewa pogwiritsa ntchito dzina la mphaka, ndipo mphakayo anakhala ndi tsamba lake kwa masiku angapo lisanachotsedwe. Sindikunena kuti mphunzitsi wanu wa 45 ndi wachinyengo. Ndikunena kuti nambala imene mphaka angaipeze si yoti munthu aikepo zaka zake ziwiri kapena zinayi osafufuza. Mabungwe ambiri anazindikira kale zimenezi. Chikalata chotchedwa DORA, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimapempha mayunivesite ndi opereka ndalama kuti aziyeza zimene zili m'kafukufuku osati kutchuka kwa magazini imene wasindikizidwamo, ndipo ku South Africa komwe mukupitako, bungwe la National Research Foundation limaika ofufuza m'magulu ake podalira malipoti a akatswiri anzawo amene aunika ntchito ya zaka zaposachedwa.

Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho musadalire anzanu. Tsegulani nokha masamba a aphunzitsi awiriwo. Pa Google Scholar pali manambala a moyo wonse komanso a zaka zisanu zapitazi, ndipo achiwiriwa ndiwo akukukhudzani. Kenako pitani pa DBLP, kaundula wa mapepala a sayansi ya kompyuta amene Michael Ley anayambitsa ku Trier ku Germany mu 1993, amene amandandalika ntchito za munthu chaka ndi chaka. Yang'anani mayina oyamba pa mapepala aposachedwa: ngati ndi a ophunzira ake, ndiye kuti mphunzitsiyo amakweza ana, ngati dzina lake ndilo limatsogola nthawi zonse, kapena limangopezeka pakati pa mayina khumi a anthu a kwina, funsani chifukwa chake. Werengani mapepala awiri a aliyense mpaka kumapeto, muone amene mafunso ake akukusowetsani tulo. Ndipo lemberani ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo, muwafunse kuti ankakumana nawo kangati pa mwezi, komanso ankadikira masabata angati kuti zolemba zawo zibwezedwe. Ine ndikanakhala inu, yankho la funso lomalizali likanalemera kuposa kusiyana kwa 45 ndi 14.

FUNSO: Mchimwene wanga ndi mphunzitsi wa kompyuta pa koleji ina, ndipo akudandaula kuti komiti yokweza anthu pa ntchito inaona mapepala ake a ku misonkhano ngati osafunika poyerekeza ndi a m'magazini a kafukufuku. Kodi komitiyo inalakwa? — Mayi wowerenga, Lusaka

YANKHO: Mayi, popeza sindinaone mapepalawo, ndingofotokoza mmene zinthu zimayendera m'nthambi ya achimwene anuwo. M'maphunziro ambiri, monga zachipatala ndi zaulimi, pepala la ku msonkhano limakhala chidule chabe, ndipo ntchito yeniyeni imapita ku magazini. Mu sayansi ya kompyuta mwambo ndi wosiyana: misonkhano ikuluikulu imalandira mapepala athunthu, imawapereka kwa akatswiri atatu kapena kuposerapo kuti awaunike, ndipo imakana ambiri, ku NeurIPS kumavomerezedwa pafupifupi pepala limodzi mwa anayi alionse. Pepala la GAN ndi la Krizhevsky ndi anzake, amene ndawatchula pamwambapa, onse anatuluka ku msonkhano umenewu. Pepala la Kaiming He ndi anzake atatu a ku Microsoft Research ku Beijing, limene magazini ya Nature inapeza mu 2025 kuti ndilo lotchulidwa kwambiri mwa mapepala onse a sayansi osindikizidwa kuyambira chaka cha 2000, linatuluka ku msonkhano wa CVPR mu 2016.

Komabe si msonkhano uliwonse umene uli ndi kulemera kotere, chifukwa iliponso ina yongofuna ndalama, imene imavomereza chilichonse bola munthu alipire. Achimwene anu angachite bwino kupereka ku komitiyo umboni wa msonkhano uliwonse paokha: amene amaukonza, kaya ndi ACM, IEEE kapena bungwe lina lodziwika, gawo la mapepala amene anavomerezedwa chaka chimenecho, ndi ndemanga zimene analandira kuchokera kwa owaunika. Angafotokozenso za mtengo wake, popeza misonkhano yambiri imafuna kuti mmodzi mwa olemba akaonekere yekha, ndipo kwa wofufuza wa kuno zimenezi zimafuna ndalama za ndege ndi chiphaso cholowera m'dziko la eni. Mu 2018 ofufuza ambiri ochokera ku Africa anakanizidwa kapena kuchedwetsedwa ziphaso zopitira ku NeurIPS ku Montreal, ndipo Bengio anali mmodzi mwa amene anadandaula poyera. Msonkhano wa ICLR, umene iye ndi LeCun anauyambitsa mu 2013, unakonzedwa kuti ukachitikire ku Addis Ababa mu 2020, koma mliri wa Covid-19 unachititsa kuti uchitikire pa intaneti, ndipo unadzafika ku Africa mu Meyi 2023, pamene unachitikira ku Kigali.